Fisi Alibe Mlandu

Ndatopa nawo madandaulo a anzathu a kumayadi, ku Area 10 ndi Area 43, oti afisi a m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi akuwathera agalu, ndiye boma libwere lidzawaombere. Kodi anapeza mnzake ndani? Likulu la dziko linasamukira kuno kuchokera ku Zomba mu 1975, ndipo linampeza fisi akulira kale m'nkhalangomu.

Alenje akale a ku Dzalanyama, omwe ife timati anali osaphunzira, ankadziwa kuti mfuti ya gogodera imalira kamodzi kokha. Ukaomba, uyenera kuthiranso onga kukamwa kwake, kutsindira ndi kachitsulo, kuponyamo chipolopolo, ndipo nthawi yonseyo uli ngati wanyamula mpini chabe. Fisi akambwandira galu pamenepo, ungopenya. N'chifukwa chake mlenje sankalola agalu ake kutalikira. Ankawaitana ndi likhweru dzuwa lisanalowe, kuwawerenga mmodzimmodzi, kuwaponyera matumbo a nyama, n'kugona nawo pafupi ndi moto.

Nanga ife? Timagula kagalu kwa anyamata a m'mbali mwa msewu ku Old Town, osakabayitsa n'komwe katemera wa chiwewe, usiku n'kukatsegulira geti kuti kakadzifunire chakudya kudzala. Kudzala komweko ndi kumene fisi amadyera. Bwana ali ndi mpanda wa njerwa, waya wamagetsi pamwamba, mlonda pageti, koma kukacha akufuna mfuti ya boma idzabwezere imfa ya galu amene dzulo lake iye sanafunse kuti wagona pati.