Boti la malume likudikira madzi

Sabata yatha ndinali kumudzi kwa Katunga ku Chikwawa, ndipo ndinapeza malume atavundikira boti lawo pansi pa mtengo wa mango. Dzuwa la Okutobala kuchigwa mukulidziwa, ngakhale mbuzi zimakana kudya masana. Koma mkuluyu anali jijirijijiri ndi chitsulo m'manja, akupala penti yakale thabwa ndi thabwa.

Akukonzekera ulendo wotsika ndi Shire kudutsa dambo la Elephant Marsh mpaka ku Chiromo, kukagula mlamba ndi mphende zouma. Potsika madzi amakuthandiza. Pobwerera, ndi katundu, umalimbana nawo masiku angapo, ndipo m'dambomo mulibe golosale yoti ukagulemo msomali.

Ndinawafunsa kuti bwanji osangopaka penti yatsopano pamwamba pa yakaleyo, poti ndalama zavuta. Anandiyang'ana ngati ndatukwana. Kenaka anatenga mpeni n'kubaya thabwa lina la pansi lomwe kwa ine linkaoneka labwinobwino. Mpeni unalowa ngati ukubaya papaya.

"Mphwanga, ukanakwera iwe pamenepa?" anatero.

Nkhani yagona pamenepo. Thabwa limawola kuyambira m'kati, makamaka pomwe pali misomali ndi pomwe madzi amadikha pansi pa boti. Ukapaka penti pa thabwa lonyowa, watsekera chinyontho momwemo, ndipo limapitiriza kuwola uku kunja kukuwala. N'chifukwa chake malume amayamba aumitsa botilo, koma pamthunzi. Padzuwa la kwathu matabwa amauma mothamanga n'kung'aluka. Akapala, amagogoda paliponse ndi kuseri kwa kasemasema. Thabwa lamoyo limalira mwamphamvu, lowola limangoti phu. Tsiku limenelo anachotsa matabwa awiri, ndipo misomali yambiri yomwe anazula inali itadyeka ndi dzimbiri mpaka kutsala ngati singano.

Chomwe chinandisangalatsa kwambiri ndi kumata mipata. Amapota thonje, lomweli timalima kuchigwa kuno, kukhala ngati chingwe, n'kumalikhomera pakati pa matabwa pang'onopang'ono, kenaka n'kuthira phula lotentha pamwamba. Ine ndinkafuna kuthandiza, ndiye ndinkakhoma ndi mphamvu zanga zonse. Anandilanda nyundo. Akuti thabwa likalowa m'madzi limafufuma, tsono ukathinitsa kwambiri likadali louma, likadzafufuma limakankha linzake mpaka misomali kuzuka. Uyenera kulisiyira malo opumira. Zimenezi sanaziwerenge m'buku, anaziphunzira boti litawathira m'madzi ali mnyamata.

Phula limapita kunsi komwe kumakhala m'madzi, penti kumtunda ndi m'kati. Penti amapaka mopyapyala kawiri kapena katatu, kudikira iliyonse iume. Za vanishi anangoseka, akuti imeneyo ndi ya makabati a m'tauni.

Ambiri sadziwa kuti dzina la Katunga linali lodziwika kwa oyendetsa sitima kale njanji isanabwere. Mfumu Katunga inali mmodzi mwa Amakololo amene anabwera ndi David Livingstone n'kukhazikika kuchigwa kuno, pamodzi ndi anzake monga Kasisi, Maseya ndi Chipatula. Sitima zochokera ku Zambezi zinkatsitsa katundu padooko la Katunga, amtengatenga n'kumusenza kukwera mapiri mpaka ku Blantyre, chifukwa kumtunda kuli mathithi a Kapichira omwe sitima singadutse. M'chaka cha 1875, sitima yoyamba ya Ilala anachita kuimasula zidutswazidutswa kunsi kwa mathithiwa, anthu mazanamazana n'kuinyamula pamutu, kukailumikizanso kumtunda, ndipo inalowa m'nyanja ya Malawi mu Okutobala chaka chomwecho. Njanji itafika ku Blantyre mu 1908, dooko lathu linazilala.

Ndipo mtsinjewu sunayambe lero kulanga osasamala. Sitima ya Livingstone ya Ma Robert, yomwe inakwera Shire mu 1859, inali yachitsulo chochokera ku Britain, koma dzimbiri linaiboola timabowo ponseponse, anthu ankangokhalira kukapa madzi ndi kumata, mpaka inamira mu Zambezi mu Disembala 1860. Ngati chitsulo cha azungu chinagonja, nanga thabwa lomata ndi jumbo?

Ndatchula jumbo dala. Pitani pamadooko athu mukaone mabwato omwe akuwolotsa anthu. Ming'alu yotseka ndi mapepala a pulasitiki, zigamba za malata zokhoma ndi misomali yadzimbiri, mwana atakhala pakati ndi chigubu chodula akukapa madzi ulendo wonse. M'menemo mwakwera amayi oyembekezera, ana asukulu, njinga, matumba a chimanga. Pansi pali ng'ona, kutsogolo mvuu, m'mbali namasupuni wakuti ukakodwamo nkhafi siyenda.

Sindikunyoza eni mabwatowa. Mitengo ikuluikulu ya mtondo ndi mbawa yomwe makolo ankasema inatha, ndipo ambiri akusema mitengo yofewa yomwe sikhalitsa. Phula ndi penti zakwera mtengo. Komabe wokwera amalipira, ndipo pa ndalama imeneyo payenera kutsala ya thonje ndi misomali yosachita dzimbiri. Mafumu ndi makomiti a pamadooko amadziwa bwato uliwonse ndi mwini wake. Chingawalepheretse n'chiyani kuyendera mabwato onse mu Okutobala ndi Novembala, mpeni m'manja monga achitira malume, n'kuletsa wowola kunyamula anthu mpaka utakonzedwa?

Paja madzi saiwala khwawa. Tinawaona mu Januwale 2015, anabweranso ndi namondwe wa Ana mu Januwale 2022, kenaka Freddy mu Malichi 2023. Nthawi zonsezi, thandizo lochokera kutali lisanafike, anthu ambiri anatsitsidwa m'mitengo ndi pamadenga ndi mabwato a m'mudzi momwemo. Boti lomwe likupalidwa lero kuti likatenge nsomba ndi lomwelo lingadzanyamule agogo anu usiku mu Febuluwale.

Pomwe ndinkanyamuka Lamlungu, anyamata asanu ndi mmodzi anali atalinyamula kukaliika m'madzi. Ndinaganiza kuti ulendo wayandikira, koma ayi. Malume analimangirira pamtengo, n'kuikamo miyala yolemera ngati katundu amene akuyembekeza kudzanyamula. Likhala pamenepo masiku atatu kapena anayi kuti matabwa amwe madzi, afufume, mipata itsekeke. M'mawa uliwonse akumapita kukakapa ndi kuwerenga zigubu. Dzulo anandiimbira foni: tsiku loyamba zinali zigubu 9, lachiwiri 4. Akuti sanyamuka mpaka zitafika pa chimodzi, ndipo andiuza kuti ndiwatumizire ndalama ya nkhafi yapadera, poti yomwe ndinakhomera thonje nyundo atandilanda ija inang'aluka.