Damu ladothi limachenjeza lisanaphulike

Boma la Nkhata Bay ndi limodzi mwa maboma amene amalandira mvula yochuluka m'dziko muno. Choncho mudzi uliwonse wa ku Chintheche, Kande kapena Mpamba umene umamwa madzi a damu ladothi usadikire Disembala kuti uyendere khoma lake. Ntchitoyi igwiridwe mvula isanagwe.

Poyendera, yambani kumunsi kwa khoma. Madzi oyera odontha pang'ono saopsa kwenikweni, koma akamatuluka amatope ndiye kuti akukokolola dothi la m'kati mwa khomalo. Chulu ndi mauna a mbewa ndi njira zimene madzi amalowera. Mitengo isamere pakhoma chifukwa mizu ikaola imasiya mphako. Pakhoma pamafunika kapinga wofupika, ndipo ng'ombe zisamapondepo.

Kenaka onani ngalande yotayira madzi damu likadzaza. Ikatsekeka ndi mchenga kapena zinyalala, madzi amadutsa pamwamba pa khoma, ndipo dothi silichedwa kugumuka.

Mu Meyi 2018, damu ladothi la pafamu ina ku Solai m'dziko la Kenya linaphulika usiku mvula itagwa kwambiri, n'kupha anthu oposa 40 okhala kumunsi kwake.

Mafumu ndi makomiti a madzi, sankhani anthu awiri oti aziyendera damu sabata iliyonse m'dzinja. Akaona ming'alu kapena madzi amatope, achenjeze okhala kumunsi ndi kudziwitsa a zamadzi kukhonsolo tsiku lomwelo.