Musatenthe Buku Limene Simunaliwerenge

Masabata apitawa mtsikana wina wa m'kalasi langa la madrasa kuno ku Dedza anafika maso ali psuu. Atate ake anam'peza akuwerenga buku la nthano yaitali, ndipo analilanda nalisonkhezera pa mbaula. Ati nkhani zopeka ndi bodza, ndipo bodza lilibe malo m'nyumba ya Msilamu. Atate omwewo ndi amene anam'gulira foni imene amagona nayo kumutu. Maganizo otere ndawamvanso ku Mangochi, ku Salima ndi ku Nkhotakota, ndipo lero ndikuwatsutsa poyera.

Bodza ndi mawu onamiza munthu. Mlembi wa nthano sanamiza aliyense, pakuti iye ndi wowerenga onse adziwa kuti nkhaniyo ndi yopeka. Agogo athu ankatisimbira za Kalulu ndi Fisi madzulo, ndipo palibe anawatcha abodza. Sindikuyerekeza Mawu a Allah ndi zolemba za anthu, kutalitali. Koma ife ophunzitsa Surat Yusuf, ndime zake 111, timaona tsiku ndi tsiku kuti mwana amagwira msanga phunziro akamatsata moyo wa munthu kuchokera pa chiyambi kufikira pa mathero.

Yambani ndi Sikusinja ndi Gwenembe, buku la John Gwengwe. Abale awiri apita kutali kukagwira ntchito, wina asunga chuma chake, wina amwaza, ndipo pobwerera nsanje ibala imfa panjira. Kodi ndi mudzi uti wa ku Mangochi umene ulibe mnyamata ku Joni? Kodi ndi banja liti limene silinakanganepo pa katundu wochokera kumeneko? Bukuli limanena zimene akulu amaopa kunena pa bwalo.

Lachiwiri ndi Nthondo, la Samuel Josiah Nthara, lotuluka mu 1933, limene T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi mu 1934. Sindibisa: ndi buku la ku mishoni ya Nkhoma, ndipo Nthondo amatsiriza ali Mkhristu. Ena adzati n'chifukwa chake tilipewe. Ine nditi mwana wokhazikika pa Tawhid sagwa ndi buku limodzi, ndipo akagwa, vuto lili pa kaphunzitsidwe kathu. M'bukumo muli Chichewa chakupsa ndi moyo wa Achewa akale, anansi amene timagula nawo pa msika umodzi ndi kuyendera limodzi maliro.

Kwa ana a ku sekondale odziwa Chingerezi, pali mabuku atatu olembedwa ndi anthu obadwira m'mabanja achisilamu. Cheikh Hamidou Kane wa ku Senegal anatulutsa Ambiguous Adventure m'Chifalansa mu 1961. Mnyamata Samba Diallo achotsedwa ku sukulu ya Qur'an, apita ku sukulu ya Azungu mpaka ku Paris, nabwerera mtima uli wogawikana. Nkhawa imeneyi ndi ya makolo athu, amene ankabisa ana awo kuopa sukulu za mishoni, ndipo mtengo wa mantha amenewo tikuulipirabe.

Mariama Bâ, wa ku Senegal komweko, analemba So Long a Letter mu 1979. Ramatoulaye, ali pa eda ya mwamuna wake, alembera mnzake za m'mene mwamunayo anakwatirira mnzake wa mwana wawo, nasiya nyumba yaikulu ndi ana 12. Bukuli limaluma, ndipo amuna ena adzalida. Aliwerenge ndithu, kenaka adzifunse ngati chilungamo chimene Shariah imalamula pa mitala chikuchitika m'nyumba zawo.

Abdulrazak Gurnah, wobadwira ku Zanzibar, amene analandira mphoto ya Nobel mu 2021, analemba Paradise mu 1994. Kamnyamata Yusuf kaperekedwa chikole kwa wamalonda chifukwa cha ngongole ya atate ake, nkuyenda ndi aulendo kulowa m'kati mwa dziko. Inu a ku Nkhotakota, kumene a Jumbe ankakocheza zombo zawo, mudzazindikiramo mbiri yanu, yokoma ndi yowawa yomwe.

Ndikuvomera kuti mabuku onyansa alipo, monganso nsomba zowola zimapezeka pa msika. Sitinasiye kudya chambo chifukwa cha zimenezo. Timasuzumira m'makha mwake tisanagule. Kholo lichite chimodzimodzi. Litenge bukulo, liwerenge, kapena limuuze mwana aliwerenge mokweza pambuyo pa swala ya Isha, banja lonse likumva, kenaka mukambirane. Buku lili ndi chikuto ndi dzina la mlembi, mukhoza kuliona ndi kuliweruza. Zimene zimalowa m'foni usiku palibe kholo limene limaziona.

Kwa atate aja ndinapita ndekha, nditanyamula Sikusinja ndi Gwenembe langa lakale lothothoka masamba. Ndinawapempha chinthu chimodzi: aliwerenge kaye, ndipo akapezamo chosemphana ndi chipembedzo, adzandiitane tidzalitenthe limodzi. Pempho lomwelo ndikulipereka kwa inu nonse, abale ndi alongo anga a kunyanja. Bukulo likadali kwa iwo, ndipo sanandiitanebe.