Kanema Wolemera Safika ku Embangweni

Ndili kutchuthi kwathu, kufupi ndi Embangweni, ndinafuna kuwaonetsa amalume kanema wa pa webusayiti ina wophunzitsa kabzalidwe ka chimanga. Kanemayo anangozungulirazungulira osatseguka, bandulo n'kutha, amalume n'kunyamula khasu lawo kubwerera kudimba. Chichokereni tsiku limenelo ndimakangana ndi anzanga a kukoleji amene amati webusayiti yabwino ndi yodzaza mavidiyo.

Ine ndimati tiphunzire zithunzi zoyenda za vector. Vidiyo ndi zithunzi zambirimbiri zotsatizana, kawirikawiri 25 kapena 30 pa sekondi imodzi, ndipo chithunzi chilichonse ndi timadontho tosawerengeka. Vector sisunga timadontho. Imasunga malangizo okha: lemba mzere kuchoka apa kufika apo, ika kabwalo kachikasu, kasunthe pang'ono. Foni ndiyo imajambula yokha. N'chifukwa chake fayilo yake imakhala yopepuka, ndipo ngakhale uchikulitse chotani, chithunzicho sichichita mbuu.

Taganizani za kabzalidwe ka Sasakawa kamene alangizi amaphunzitsa: mizere yotalikirana masentimita 75, mapando otalikirana masentimita 25, mbewu imodzi pa phando. Zonsezi ndi mizere ndi timabwalo basi. Kamera ikufunikiranji? Komanso mlimi akhoza kudina kuti aonenso pamene sanamvetse. Chimene chimandikomera kwambiri n'chakuti mawu olembedwa amakhala padera ndi chojambula, ndiye batani limodzi likhoza kuchotsa Chichewa n'kuika Chitumbuka, chimene amalume amalankhula pakhomo.

Tingosamala posankha chida. Kale zoterezi zinkapangidwa ndi Flash. Kampani ya Adobe inaisiya pa 31 December 2020, ndipo masewera ndi maphunziro ambiri amene anthu anavutikira analeka kutseguka. SVG, imene bungwe la W3C linavomereza mu 2001, si ya kampani imodzi, ndipo foni zamakono zimaitsegula popanda kuikamo pulogalamu ina.

Sindikunena kuti vidiyo itayidwe. Ingoma ya pa Umthetho ku phiri la Hora, fumbi lija, zishango ndi kugunda kwa mapazi, sungaijambule ndi timizere. Imeneyo ndi ya kamera. Ndikudziwanso kuti mwini foni ya mabatani zonsezi sizimufikira. Koma amalume anayesetsa n'kugula foni yokhudza, ndipo tchuthi chikubwerachi ndikufuna ndikawaonetse mapando awo a masentimita 25 bandulo isanathe.