Madalaivala abwino sanathe, tikuwapirikitsa tokha

Sabata yatha ndinali kumudzi ku Makwasa, m'boma la Thyolo, ndipo pamsika ndinakumana ndi bambo wina amene ali ndi malole atatu. Awiri akuyenda, imodzi yangoima pabwalo mpaka udzu wayamba kumera kunsi kwake. Siinawonongeke ayi. Bamboyo akuti asowa woiyendetsa, chifukwa masiku ano dalaivala wokhulupirika kulibe, aliyense amene amulemba amatha miyezi iwiri n'kuthawa, kapena amugwira akupopa dizilo usiku. Ndinawamvetsera mpaka anamaliza, kenako ndinawafunsa kuti dalaivala wawo amalandira zingati pamwezi. Anayamba kundiuza za kukwera mtengo kwa matayala.

Pamene tinkachezapo ndi pafupi kwambiri ndi kwa amalume anga, amene anayendetsa malole zaka zoposa makumi awiri. Anayamba ndi kututa masamba a tiyi m'minda yomweyi, kenako anakwera n'kumayenda maulendo a ku Beira ndi ku Durban. Sanagwetsepo galimoto. Maso awo akadali akuthwa, ndipo layisensi yawo ya EC ili m'chikwama, pansi pa zovala za kutchalitchi. Lero amalima chinangwa ndi nandolo. Lole ili chiimire kusowa munthu, munthu ali chikhalire kusowa ntchito yoti imusunge, ndipo awiriwa atalikirana mtunda wosakwana kilomita imodzi. Nkhani ya kusowa kwa madalaivala kuno kwathu ine ndimaiwonera pamenepa.

Amene sanakhaleko ku Thyolo amaganiza kuti tiyi ndi ntchito ya othyola ndi a m'fakitale basi. Koma tsamba la tiyi silidikira munthu. Likathyoledwa m'mawa liyenera kulowa m'fakitale tsiku lomwelo, chifukwa likakhalitsa lothinana m'matumba limatentha n'kufiira, ndipo mtengo wake umagwa kapena amalikana kumene. Tsamba limachuluka kuyambira Disembala mpaka Epulo, nthawi yomweyo imene katondo wa m'misewu ya m'minda amaterera ngati therere. Dalaivala amadikira pasikelo mpaka mayi womaliza ayezetse dengu lake, kenako amatsika chitsetse mdima utagwa, chifunga chitaphimba, kumbuyo kuli katundu wolemera amene akukankha galimoto. Akatitimira, amagona pomwepo kulondera katundu wa eni. M'mawa mwake palibe amene amamufunsa ngati anadya. Amamufunsa chifukwa chake tsamba lafika mochedwa.

Imeneyi ndi mbali imodzi chabe. Pali malole a nkhuni za bulugamu zowotchera m'mafakitale, a feteleza, a makademiya, ndiponso otenga tiyi wopangapanga kupita naye ku Limbe, kumene kuli okushoni ndi nyumba zosungira katundu. Kuchokera kumeneko amanyamuka mathiraki akuluakulu olowera ku madoko a Beira, Nacala ndi Durban. Kale katundu wotere ankayenda pa njanji. Sitima inkadutsa pa Luchenza, Sandama ndi Thekerani kutsikira ku chigwa cha Shire, n'kuwoloka Zambezi pa mlatho wa Dona Ana umene unatsegulidwa mu 1935. Nkhondo ya ku Mozambique inadula njira imeneyi m'zaka za m'ma 1980, ndipo madzi osefukira a mu 1997 anakokolola njanji cha ku Chiromo. Kuyambira pamenepo, zimene sitima inkasenza zinagwera pamsana pa dalaivala. Dziko lopanda nyanja yamchere ngati lathuli limapumira mwa iye: mafuta, feteleza, mankhwala a m'zipatala, mchere, zambiri zimalowa ali pachiwongolero ndi iyeyo.

Tinaziwona bwino mu Okutobala 2019 pamene madalaivala a mathiraki ananyanyala ntchito n'kutseka zipata za dziko, akudandaula kuti ena mwa iwo ankalandira ndalama zosafika K50,000 pamwezi. Pasanathe masiku ambiri mizere inayamba m'malo omwetsera mafuta. Zokambirana zinachitika, ndipo pambuyo pake boma linakhazikitsa K140,000 ngati malipiro otsikitsitsa a dalaivala wa thiraki yaikulu. Mu Seputembala 2021 madalaivala aja anaimikanso magalimoto. Pakati pa madandaulo awo panali la mtengo wa pasipoti ndi la ndalama zoyezetsera Covid-19, koma lalikulu linali loti mabwana ambiri sankapereka K140,000 imene lamulo linanena. Taganizani: munthu kunyanyala ntchito osati kuti amukwezere malipiro, koma kuti amupatse zimene boma linasaina kale.

Ndalama imeneyo inali pafupifupi madola 170 mu 2021. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, moti K140,000 yomweyo inatsala madola 80 ndi pang'ono. Boma lakwezako malipiro otsikitsitsa kuchokera nthawi imeneyo, a madalaivala pamodzi ndi a antchito ena, ndipo ndi bwino kuti linatero. Koma dalaivala wa maulendo akunja ndi munthu amene kugwa kwa kwacha kumamumenya kawiri. Banja lake likugula chimanga pa Makwasa ndi kwacha yopepukayo, iye akugula nsima ku Tete ndi meticais, ku Harare ndi madola, ku Musina ndi marandi.

Apa ndi pamene pali nkhani ya alawansi, imene amalume amaikamba mpaka mawu kunjenjemera. Bwana amawerengera kuti ulendo wa ku Beira, makilomita 800 ndi kanthu kuchokera ku Blantyre, ndi wa masiku angapo, ndipo amapereka ndalama ya masiku omwewo. Koma padoko ukhoza kudikira sabata ziwiri kuti upakire. Pa Mwanza ndi pa Zobue mapepala akhoza kuchedwa. Wopita ku Durban, ulendo wa makilomita oposa 2,000, ali ndi Nyamapanda ndi Beitbridge zomudikira, kumene mzere wa mathiraki umatalika mpaka osaona kumene wathera. Masiku owonjezerawo palibe amawalipira. Amalume ankayenda ndi kambaula, thumba la ufa ndi usipa wouma, n'kumaphika kunsi kwa thiraki. Ulendo wina anakhala kunja mwezi wathunthu ndi alawansi ya masiku khumi. Atabwerako anapeza azakhali atakongola katapila kuti mwana alembe mayeso a Fomu 4, ndipo pa malipiro a mwezi umenewo bwana anadulapo mtengo wa tayala limene linaphulika m'dzenje la pamsewu wa ku Tete.

Ndiye anthu amadabwa kuti n'chifukwa chiyani madalaivala amanyamula matola ndi kugulitsa dizilo. Sindikuikira kumbuyo kuba. Kuba mafuta kwaphetsa anthu. Pa 17 Novembala 2016, pa Caphiridzange m'chigawo cha Tete, thankala imene inkachokera ku Beira kubwera ndi petulo kuno ku Malawi inapatuka pamsewu kuti mafuta agulitsidwe mwachinyengo, ndipo inaphulika anthu a m'mudzi ataizungulira ndi zigubu. Anthu opitirira 70 anafa, ena anakamwalirira kuchipatala masiku otsatira. Tsoka limeneli palibe chifukwa chimene chingalichepetse. Koma ndamvapo ndi makutu anga mwini lole akunena kuti dalaivala safunika malipiro ambiri popeza amadya panjira. Bwana wotere waika kale kuba m'bajeti yake. Amalipira zochepa podziwa kuti wantchito adzadzilipira yekha, ndipo tsiku limene wamugwira amafuula kuti madalaivala ndi mbava. Munthu woongoka sangakhalitse pa ntchito imene malipiro ake amakwanira pokhapokha utaba. Amachoka, ndipo otsalawo ndi amene avomera kusewera masewerawo.

Za tulo ndiye sitikamba n'komwe. Lamulo lathu la ntchito la chaka cha 2000 limati maola a ntchito asapitirire 48 pa sabata, ndipo owonjezera alipiridwe. Ndani anawerengapo maola a dalaivala wa lole? Ku mayiko a European Union lamulo limati dalaivala ayendetse maola osapitirira 9 patsiku, apume mphindi 45 akayenda maola anayi ndi theka, ndipo m'thiraki muli kachipangizo kolemba zonsezi, apolisi n'kumakawerenga. Kuno chipangizo chimene mabwana amaika m'galimoto ndi chowauza pamene thiraki ili, kuti ikaima aimbe foni kufunsa chimene waimira. Munthu akawodzera pa chitsetse n'kugwera kuphompho, timamva kuti ngozi yachitika chifukwa chothamanga kwambiri. Sitimva kuti anali atagona maola angati m'masiku atatu apitawo, kapena kuti anadandaula kangati za mabuleki n'kuuzidwa kuti apite kaye ulendo uno, akakonza akabwerako. Ovulala pa misewu ya kwathu kuno amathamangira nawo ku chipatala cha Malamulo, ndipo achibale ndi amene amatsala ndi mtolo. Lamulo la chipukutamisozi kwa ovulala pa ntchito lilipo. Lamulo la penshoni nalonso lilipo kuyambira 2011, loti bwana aziika 10 peresenti, wantchito 5 peresenti. Amalume atasiya ntchito kwa bwana wawo womaliza, anapeza kuti dzina lawo silinalembedwepo kulikonse. Analibe ngakhale kalata yosonyeza kuti analembedwa ntchito.

Tsono madalaivala odziwa ntchito apita kuti? Ena ali m'minda ngati amalume. Ena anagula njinga zamoto n'kuyamba kabaza, poti madzulo amagona kunyumba ndipo ndalama amaigwira tsiku lomwelo. Ambiri anawoloka kukayendetsa za makampani a ku Mozambique, Zambia ndi Joni. Ndipo musaganize kuti ku Joni amapitako chifukwa n'kwabwino. Mu 2019 bungwe la Human Rights Watch linanena, potengera kafukufuku wa Road Freight Association ya konko, kuti anthu oposa 200, ambiri mwa iwo madalaivala ochokera kunja, anaphedwa pa ziwawa zolimbana ndi mathiraki kuyambira mu Malichi 2018. Mathiraki ankatenthedwa pamsewu wa N3 wopita ku Durban. Mnyamata wa ku Thyolo amadziwa zonsezi, koma amapitabe. Akasankha msewu umene angawotchedwepo kusiyana ndi bwana wa kwawo, ndiye kuti bwana wa kwawoyo adzifunse.

Kusowa kwa madalaivala m'mayiko akunja kukhoza kutikokera anthu enanso. Mu 2021 bungwe la eni mathiraki ku Britain, Road Haulage Association, linati dzikolo likuperewera madalaivala pafupifupi 100,000, mpaka malo omwetsera mafuta anauma ndipo boma linatsegula zitupa 5,000 za madalaivala ochokera kunja. Bungwe la IRU, loona za mtengatenga wa pamsewu padziko lonse, linawerengera mu 2023 kuti malo a madalaivala oposa 3 miliyoni anali opanda anthu m'mayiko 36. Kumeneko achinyamata akuikana ntchitoyi ndipo okalamba akupuma. Mayiko olemera akasowa antchito amayang'ana kuno, monga anachitira ndi anamwino athu. Amene adzatengedwe ndi aluso omwe aja, otsala ochepawo.

Achinyamata ofuna kulowa ntchitoyi alipo ambiri, ndipo n'chifukwa chake mabwana ena amalimba mtima kuti ukachoka mawa kubwera khumi. Koma layisensi si luso. Kale dalaivala ankaphunzira ali wothandizira, zaka zingapo akumanga zingwe, kuika mwala kutayala pachitunda, kumvetsera kulira kwa injini, asanapatsidwe chiwongolero. Akuluakulu ophunzitsa aja akachoka, mnyamata amatuluka kusukulu yoyendetsa galimoto n'kupatsidwa matani 30 pa chitsetse cha ku Thekerani. Khumi amabweradi, koma lole ija imabwerera itapindika, kapena siibwerera.

Ndikudziwa kuti eni malole nawo akulira. Dizilo wakwera, zipangizo zimafuna ndalama zakunja zimene sizikupezeka, makampani akunja amawalanda katundu, ndipo amene amawanyamulira amachedwa kulipira. Zonsezi n'zoona. Koma wogulitsa dizilo samuuza kuti adikire mwezi wamawa, wa matayala samudula mtengo. Pa zonse zimene zimayendetsa lole, dalaivala yekha ndiye amapanikizika, chifukwa ndi yekhayo amene ali ndi ana oti angamuopsezere.

Chimene chimandipatsa chiyembekezo chili m'minda ya tiyi momwemu. Mu 2016 bungwe la Tea Association of Malawi ndi bungwe la antchito a m'minda la PAWU anasainirana mgwirizano woyamba wa malipiro ndi kagwiridwe ka ntchito. Sunathetse umphawi wa othyola tiyi, koma unasonyeza kuti zimatheka kukhala pansi n'kulemba. Ogula tiyi wathu kunja amatumiza anthu kudzayendera minda, kuona nyumba za antchito, zimbudzi, ndi zovala za opopera mankhwala. Dalaivala wolembedwa ndi esiteti amalowa nawo m'kaundula ameneyu. Koma wa lole yahayala, imene yangobwerekedwa kwa munthu wapadera kuti itute tsamba, nkhuni kapena makontena, saonekamo. Ali pageti la fakitale tsiku lililonse, koma m'mabuku a aliyense mulibe.

Pempho langa likupita kwa akuluakulu a maesiteti, a Tea Association ndi mabungwe a alimi ang'onoang'ono a tiyi. Musanapereke kontirakiti kwa mwini lole, muuzeni akuonetseni kalata yolembera dalaivala wake, pepala la malipiro a miyezi itatu yapitayo, ndi umboni woti penshoni ikupita. Muike pa mtengo wa hayala ndalama yokwanira kuti zimenezi zitheke, ndipo mumulipire pa nthawi yake. A ofesi ya zantchito pa boma la Thyolo musadikire kuti dalaivala abwere kudzadandaula atachotsedwa kale. Bwerani pageti la fakitale m'mawa wa Januwale, malole ali pamzere, mudzawafunse amene ali pachiwongolero kuti analandira zingati mwezi watha ndipo anagona maola angati usiku wapitawu.