Musanatukwane netiweki, yang'anani motoka yanu

Mnzanga amene amayendetsa takisi muno mu Lusaka anavutika mwezi wathunthu. Kasitomala akatuma foni, mau anali kudukaduka m'masipika a motoka, mpaka munthuyo atope n'kuitana dalaiva wina. Anatukwana netiweki, anagula SIM ina, koma palibe cinasintha. Makanika wina anamuuza kuti agule wailesi yatsopano. Ine n'namuuza kuti atuluke cabe mu motoka aimirire panja. Pamalo omwewo, mizere ya netiweki inakwera. Vuto linali tinti imene anamata pa mawindo.

Timafulumira kutaya ndalama tisanadziŵe cimene cawonongeka. Funso loyamba n'lakuti: kodi foni imeneyo ili kuti?

M'mamotoka ambili ocokela ku Japan, cimene timati foni ya mu motoka si foni ayi. Ndi Bluetooth cabe, ilibe SIM. Netiweki imagwidwa ndi foni yanu ya m'manja. Manje ngati mwaiponya pansi pa mpando kapena m'kabokosi ka pakati, yazungulidwa ndi zitsulo, ndipo zitsulo zimachinga mafunde. Tinti ina ili ndi tuzitsulo mkati, nayonso imacita cimodzimodzi. Ikani foni pamwamba, pafupi ndi windo, mumve kusiyana kwake.

Ngati inu mukumva bwino koma winayo sakukumvani, mwina netiweki ilibe mlandu. Onani maikolofoni, imene kambili imakhala kudenga pafupi ndi nyale. Mphepo ya pa windo kapena ya AC ikamaombapo, mau anu amamira.

Ma Benz ndi ma BMW ena akale ali ndi foni yeniyeni, yokhala ndi SIM ndi eriyo yake. Pamenepo tsatilani waya wocoka ku eriyo: dzimbili pa polumikizila, kapena waya amene anaiwalika posintha galasi, n'zokwanila kupha netiweki. Koma zina, monga G-BOOK ya Toyota, zinapangidwila netiweki ya ku Japan. Ngakhale mulipile makanika wanzelu bwanji, kuno sizingagwile nchito. Ku wailesi kumene n'mathandizila timaidziŵa bwino nkhani yotele: mawailesi akale a ku Japan amayambila pa 76 n'kuthela pa 90 MHz, ndiye omvela amati siteshoni yazima, pamene ni wailesi yawo imene siifikako.

Sindikuti makampani a netiweki ni oyela. Mukadutsa Chongwe n'kuloŵa m'mapili opita ku mlatho wa Luangwa, netiweki imasoŵadi, ndipo pamenepo tiyenela kudandaula mokweza. Koma dandaulo limamveka ngati wayamba wasesa pakhomo pako.

Coopsa n'cakuti foni ya mu motoka ikavuta, dalaiva amanyamula foni m'manja ali pa Great East Road, maso acoka pa mseu. Apo ndiye pamene kavuto ka tinti kamasanduka malilo. Imani pambali, tulukani, yang'anani mizele. Zimatenga miniti imodzi, ndipo simulipila ngwee.