Ukaitanidwa ku intavyu, yamba watsegula envelopu

Sabata yatha ndidakhala nawo pagulu lofunsa anthu ofuna ntchito ya ukalaliki pakampani ina yaing'ono ku Limbe. Malo adali amodzi, oitanidwa asanu ndi atatu.

Amene wandisowetsa tulo mpaka lero ndi mtsikana wina wa ku Thyolo. Adayankha bwino kuposa anzake onse. Koma titatsegula envelopu yake tidapeza kuti pasatifiketi ya MSCE pali dzina la agogo ake, pomwe pachiphaso cha unzika pali la bambo ake. Kalata yolumbira yoti mayina awiriwa ndi a munthu mmodzi adalibe. Ndidayesa kumuyankhulira, koma anzanga adati sangadikire. Ntchito idapita kwa wina.

Abale anzanga, vuto la mayinali ndi la ambiri, makamaka amene adaleredwa ndi achibale kapena adasintha dzina pobwereza Sitandade 8. Tsiku lomwe mwalandira foni yokuitanani, yalani mapepala onse pamkeka. Onani ngati dzina ndi tsiku lobadwa zikufanana pa za MANEB ndi za NRB. Ngati zikusiyana, pitani kukhoti kwa majisitireti kapena kwa loya mukalumbire. Mafotokope akadinditseni komweko, koma mapepala enieniwo muwatengenso. Achinyamata ambiri amathera masiku amenewa pakaunjika kusaka jekete. Zoona jekete imakometsa munthu, koma ine sindikukumbuka n'komwe kuti amene tidamulemba adavala chiyani.

Chomwe ndikukumbuka ndi yankho lake. Titati atiuze za iye mwini, sadayambe ndi mudzi, mfumu yaikulu ndi mpingo monga adachitira ena. Adati kwa zaka ziwiri wakhala akulemba mabuku a chigayo cha amalume ake, ndipo adalongosola momwe adagwirira mnyamata amene ankabisa ndalama za zogaya. Ganyu imeneyo ena akadaichitira manyazi. Ife tidamva munthu wodziwa kusunga ndalama za eni.

Chinanso, auzeni anthu amene mudawalemba ngati mboni zanu. Tidaimbira aphunzitsi aakulu ena, iwo n'kutifunsa kuti kodi tikunena mwana uti.

Pomaliza amakufunsani ngati muli ndi funso. Musangoti ayi bwana. Funsani kuti nthawi yokuyesani ikhala yaitali bwanji, poti lamulo la ntchito la 2000 silimalola kuti ipitirire miyezi 12.

Ndipo wina akakuimbirani kuti mutumize kaye ndalama pa Mpamba kapena Airtel Money kuti dzina lanu lilowe pamndandanda, dulani foni. Ameneyo ndi kamberembere.

Mtsikana wa ku Thyolo uja ndidamutsatira panja n'kumuuza za kalata yolumbira. Adati adali asanamvepo. Ndalama ya minibasi adachita kubwereka kwa azakhali ake.